Eyakoni ikudontha madzi, ikununkha chuku, ndipo gasi akungothiridwa: kodi kugula yaikulu n'kuthetsa vuto?

Funso: Ndine mayi wa ku Salima, ndipo nyumba yathu ili pafupi ndi nyanja. M'chipinda chathu chogona muli eyakoni ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa) yomwe tinaikitsa zaka zinayi zapitazo. Chiyambireni mvula yakhala ikudontha madzi pakhoma, ikangoyatsidwa imatulutsa fungo la chuku, ndipo masana siziziritsa monga inkachitira kale. Mmisiri wathiramo gasi kawiri chaka chino, koma pakapita miyezi iwiri vuto limabwerera. Mnzanga akuti ndingogula yaikulu ya 24,000 BTU. Kodi nditero?

Yankho: Zikomo kwambiri mayi chifukwa cholongosola bwino zimene mukuona. Musagule yaikuluyo, chifukwa mwa zonse mwatchulazi palibe chimene chikusonyeza kuti makina anu ndi ochepa mphamvu, ndipo m'chipinda cha kunyanja eyakoni yokula mopyola muyeso imaonjezera vuto la chinyezi m'malo molichepetsa. Kudontha kwa madzi ndi fungo n'zachizolowezi pa makina amene sanatsukidwe bwino kwa nthawi yaitali, ndipo kukonza kwake sikudula. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nkhani ya gasi wothiridwa kawiri pachaka, chifukwa imeneyo ikasiyidwa ndiyo idzaphe kompresa, injini ya m'chigawo chapanja imene imapanikiza ndi kuzunguliritsa gasi.

Kuti zinazi zimveke, tiyambe ndi ntchito imene eyakoni imagwira kumalo ngati Salima, Nkhotakota, Mangochi kapena Nkhata Bay. Anthu ambiri amaganiza kuti makinawa amangochotsa kutentha, koma kumalo achinyezi gawo lalikulu la mphamvu yake limathera pochotsa madzi mumpweya. M'kati mwa chigawo chimene chili pakhoma m'chipinda muli koyilo, kutanthauza timapaipi ta kopa topindapinda tovekedwa timapepala topyapyala ta aluminiyamu, ndipo gasi akamadutsamo koyiloyo imazizira kwambiri. Mpweya wa m'chipinda ukakokedwa n'kudutsa pamenepo, chinyezi chake chimasanduka madontho, monga mmene botolo lochokera mufiriji limachitira thukuta likaikidwa patebulo. Madonthowo amagwera mukathireyi kamene kali pansi pa koyilo, n'kutsikira panja kudzera mupaipi yapulasitiki. Pa tsiku lachinyezi la mu Januwale kapena Febuluwale, makina a msinkhu wa anuwo angathe kutulutsa madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo pa ola limodzi, ndiye usiku umodzi wokha madzi odutsa mukapaipi kameneko amatha kufika theka la ndowa. Mu Okutobala, pamene kunja kukutentha koma mpweya uli wouma, madziwo amakhala ochepa, ndipo paipi yotsekeka pang'ono imatha kubisa vuto lake. N'chifukwa chake kudonthako kwayamba ndi mvula.

Paipi yamadziyi imatsekeka m'njira zingapo, ndipo ndi bwino kuiona nokha musanaitane munthu. Fumbi limene ladutsa pa sefa limasakanikirana ndi madzi mukathireyi n'kupanga matope oterera, ndipo poti malowo amakhala onyowa ndi amdima, tizilombo tosaoneka ndi maso timaswana pamenepo mpaka matopewo amalimba ngati phala pakamwa pa paipi. Kunja nako, mavu amakonda kumata dothi pamapeto a paipi m'miyezi imene makina sakugwiritsidwa ntchito. Nthawi zina paipiyo siinatsekeke konse, koma yalendewera pakati kapena yapindikira m'mwamba, pamene madzi ake amayenda ndi kutsetsereka kokha popanda pampu yowakankha. Ena amaika mapeto a paipi mundowa kuti madziwo azithirira maluwa, zomwe si zoipa, koma ndowa ikadzaza paipi n'kumira, madzi amaleka kutsika ndipo amabwerera m'chipinda. Yatsani makina kwa theka la ola pa tsiku lachinyezi, kenaka mupite panja mukaone ngati madzi akutuluka. Ngati sakutuluka kapena akungodontha mwa apo ndi apo pamene khoma lanyowa, paipi ndiyo yatsekeka. Mmisiri amaitsegula poyamwa ndi makina kuchokera kunja kapena poipemerera, kenaka amathira madzi mukathireyi kuti aone ndi maso kuti akutsika. Musalowetse waya wachitsulo kuchokera m'kati, chifukwa koyilo ili pafupi ndipo khoma la timapaipi take n'lopyapyala kwambiri.

Ngati madzi akutuluka bwino panja koma khoma likunyowabe, onani zinthu ziwiri. Choyamba, chigawo cha m'kati chikhoza kukhala kuti chapendekekera mbali imene kulibe paipi, makamaka ngati misomali yogwira chitsulo chake chapakhoma yakhwepa. Chachiwiri, mapaipi a kopa olowa m'khoma amayenera kukutidwa ndi chinkhupule chakuda kuchokera poyambira mpaka pothera, ndipo pamene chinkhupulecho chang'ambika kapena chadyedwa ndi makoswe, paipi yozizira imakumana ndi mpweya wachinyezi n'kuyamba kukha madzi m'kati mwa khoma.

Fungo lija gwero lake n'lomwelo. Tengani tochi, muzimitse makina, mutsegule kachitseko kotulukira mpweya n'kuunika m'kati. Mudzaona fani yaitali yozungulira ngati mpukutu, ndipo pa makina a zaka zinayi akunyanja amene sanatsukidwepo, mapiko ake amakhala atakutidwa ndi zinthu zakuda. Chimenecho ndi chuku chosakanikirana ndi fumbi. Kupatula fungo, zinthuzi zimadzaza mphako za mapiko a fani moti imangozungulira osakankha mpweya wokwanira, ndipo ichi chokha chingathe kufotokoza chifukwa chimene chipinda sichikuzizira masana. Kwa munthu wodwala mphumu kapena mwana wamng'ono, mpweya wodutsa pa chuku usiku wonse si wabwino. Kupopera mankhwala onunkhira sikuthandiza, kumangomatitsa fumbi lina. Chofunika ndi kutsuka kwenikweni, kumene mmisiri amachotsa chivundikiro, kuphimba mbali ya magetsi ndi pulasitiki, kupachika thumba lolandira madzi, kupopera mankhwala otsukira koyilo ndi kutsukuluza mpaka madzi otuluka atayera. Kumalo ngati kwanuko ntchito imeneyi iyenera kuchitika kamodzi pachaka, ndipo ngati makina amagwira usiku uliwonse ndingalangize kawiri: mu Seputembala kutentha kusanafike pachimake, ndi mu Epulo mvula ikatha. Pambuyo potsuka, zolowerani kusiya makina akuyenda pa fani yokha kwa mphindi 20 kapena 30 musanawazimitse m'mawa, kuti koyilo iume. Makina ena ali ndi batani lochita zimenezi okha, ndipo pa limoti limalembedwa kuti "clean" kapena "self clean".

Sefa ndi ntchito yanu, siifuna mmisiri. Ichotseni pa milungu iwiri iliyonse, muitsuke ndi madzi ndi sopo pang'ono, muiumitse pamthunzi chifukwa dzuwa limapinda pulasitiki yake, ndipo muibwezere itauma. Sefa yotsekeka imachepetsa mpweya wodutsa pa koyilo, koyilo imazizira mopyola mpaka kumera ayezi, ndipo ayeziyo akasungunuka amasefukira kupyola kathireyi n'kugwera pansi. Apa pali msampha umene amisiri opupuluma amagweramo: ayezi pa koyilo amabweranso gasi akachepa, ndiye munthu akaona ayezi amathamangira botolo la gasi asanaone n'komwe sefa.

Chigawo chapanja chimaiwalika kawirikawiri, chikhalirecho ndicho chimataya kutentha konse kumene kwachotsedwa m'chipinda. Kunyanja kuli mdani amene anthu a ku Lilongwe sakumudziwa, ndiye tizilombo ta nkhungu timene timauluka kuchokera m'nyanja ngati utsi. Fani yapanja imatikoka, timafera pa koyilo, ndipo tikasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe timapanga chikhungwa chimene mpweya sudutsa. Koyilo yapanja ikatsekeka, gasi amalephera kutaya kutentha, kompresa imagwira ntchito movutika ndi kudya magetsi ambiri, ndipo dzuwa likafika pamutu imatentha mpaka kachipangizo koiteteza kamaizimitsa, fani ya m'chipinda n'kumangopemerera mpweya wofunda. Usiku kunja kukazizira makina amaonekanso ngati ali bwino. Zimene mwanena, zoti vuto limakula masana, zikugwirizana kwambiri ndi chithunzi chimenechi. Zimitsani magetsi pa switchi yaikulu ya makinawo, mutsuke koyilo ndi madzi a pampopi oyenda pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kutsika pansi, osalozetsa madzi kumene kuli mawaya, ndipo musagwiritse ntchito makina otsukira galimoto chifukwa mphamvu yake imapinda timapepala ta aluminiyamu. Dulani udzu ndi zitsamba zozungulira, musayanike zovala patsogolo pake, ndipo ngati mwamangira chitetezo cha akuba chikhale cha zitsulo zotalikirana, osati cha njerwa kapena malata. Mwayi umene muli nawo ndi wakuti madzi a nyanja yathu si amchere, choncho koyilo siidyeka msanga monga zimachitikira ku Beira kapena ku Dar es Salaam. Komabe analimata ndi nyerere zimakonda kufunda kwa bokosi la magetsi, ndipo nalimata mmodzi akagona pa bolodi ya tizipangizo ta magetsi toyendetsa makina akhoza kuipsereza, ndiye mmisiri akamatsuka azitsegulanso pamenepo ndi kutseka mipata yolowera mawaya.

Tsopano nkhani ya gasi, imene ndikufuna muimvetse bwino musanalipirenso. Gasi wa mueyakoni satha ngati mafuta a galimoto. Amangozungulira m'mapaipi otsekedwa, kusanduka madzi kunja ndi kusanduka mpweya m'kati, ndipo makina oikidwa bwino angathe kufika kumapeto a moyo wake ndi gasi yemwe anabwera naye. Ngati wachepa, ndiye kuti pena pake pali pobooka. Munthu wothira gasi osafufuza pamene akuthawira wakugulitsani miyezi iwiri ya kuzizira, ndipo adzabweranso. Pali kuthekera kwinanso, kwakuti gasi sanachepe n'komwe, vuto linali litsiro, ndipo wothiridwayo wapyola muyeso. Gasi wochuluka mopyola ndi woopsa mofanana ndi wochepa, chifukwa amakweza mphamvu ya m'mapaipi ndipo amatha kubwerera ku kompresa akadali madzi, pamene kompresa inapangidwa kuti izipanikiza mpweya wokha. Gasi wochepa naye amaipha mwa njira ina, poti kompresa imaziziritsidwa ndi gasi wozizira wobwerera kuchokera m'chipinda, ndipo akachepa imatentha mpaka mawaya ake a m'kati kupsa.

Malo othawira gasi kawirikawiri ndi pamene mapaipi a kopa amamangidwa ndi manati, pawiri kunja ndi pawiri kuseri kwa chigawo cha m'kati. Mapeto a paipi amafutukulidwa ngati kamlomo ka belu kuti agwirane ndi nati, ndipo ngati kamlomoko kanapangidwa mothamanga kapena nati inamangidwa mopyola, kamang'aluka pang'onopang'ono ndi kunjenjemera kwa makina. Inu nomwe mukhoza kuona chizindikiro chake, chifukwa gasi amathawa pamodzi ndi mafuta a kompresa, ndipo pamalopo pamakhala ponona pomatirira fumbi. Mmisiri wodziwa ntchito amapaka thovu la sopo kapena kugwiritsa ntchito kachipangizo konunkhiza gasi, ndipo akalephera kupeza amachotsa gasi wotsala n'kupopera nayitrojeni m'mapaipi kuti aone ngati geji ikutsika. Asagwiritse ntchito okosijeni pa ntchito imeneyi, chifukwa okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi mafuta amaphulika. Akakonza pobooka, amalumikiza pampu ya vacuum kuti ichotse mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipi, ndipo sitepe imeneyi kumalo achinyezi siidumphidwa, popeza mafuta a makina amakono amayamwa madzi msanga ndipo madziwo amasanduka asidi wodya kompresa m'kati. Pomaliza amathira gasi pomuyeza pa sikelo molingana ndi magalamu olembedwa pa chikwangwani cha chigawo chapanja, kuonjezerapo pang'ono ngati mapaipi ndi aatali kuposa mmene wopanga ananenera. Mmisiri wofika wopanda pampu ndi sikelo, atangonyamula botolo ndi geji, sangathe kumaliza ntchito imeneyi ngakhale atakhala ndi mtima wabwino.

Werenganinso pa chikwangwanicho mtundu wa gasi. Makina a zaka zinayi nthawi zambiri amakhala a R-410A kapena R-32, pamene akale anali a R-22. Mitunduyi siisakanizidwa, makamaka R-22 ndi iwiri inayo, chifukwa mphamvu yake m'mapaipi n'njosiyana kwambiri ndipo mafuta ake si amodzi. R-22 amaononga ozoni, ndipo pansi pa pangano la ku Montreal la 1987 maiko ngati Malawi akuyenera kukhala atasiya kumugwiritsa ntchito pofika 2030, kotero akusowa ndi kukwera mtengo, ndipo kusowako kumabweretsa mabotolo achinyengo pamsika. R-410A saononga ozoni koma amathandizira kutentha kwa dziko, ndipo naye akuchepetsedwa potsatira mgwirizano wa ku Kigali wa 2016. R-32 amatha kuyaka pang'ono, choncho kuwotcherera paipi gasi akadali m'kati n'kosayenera. Funsani mmisiri kuti anathira mtundu uti maulendo awiri aja, ndipo ngati sakudziwa kapena botolo lake lilibe zolemba, gasi yense achotsedwe ndi kuyambanso.

Pali kuyeza kosavuta kumene mungachite makina atatsukidwa. Ayatseni pa kuzizira kwa mphindi 15, muike themometa pamwamba pamene mpweya ukulowera, kenaka pamene ukutulukira. Kusiyana kwa madigiri pakati pa 8 ndi 12 kumasonyeza kuti makina ali bwino, ngakhale pa tsiku lachinyezi kwambiri kumatsikirako chifukwa mphamvu ina ikuthera pa madzi. Kunja, paipi yaikulu mwa ziwirizo iyenera kukhala yozizira ndi yonyowa mukaikhudza. Ikakhala yofunda, kapena paipi yaing'ono ikamera ayezi, kawirikawiri ndiye kuti gasi wachepa.

Simunatchule za magetsi, koma ndisakusiyeni osanenapo, chifukwa kuno kwathu ndiwo amapha makina ambiri. Eyakoni inapangidwira mavoti 230, ndipo magetsi a ESCOM akamabwerera pambuyo pozima amatha kufika ochepa kapena okwera kwa kanthawi. Kompresa imene yazima mwadzidzidzi imafuna mphindi zitatu kapena zisanu kuti mphamvu ya gasi ikhazikike isanadzukenso. Ikitsani kachipangizo koteteza, kofanana ndi kamene anthu amaika pa firiji koma ka mphamvu yolingana ndi eyakoni, kamene kamadula magetsi akatsika kapena kukwera ndi kudikira kasanawalumikizenso. Pa makina wamba, chimene chimafa msanga ndi kutentha ndiponso magetsi osakhazikika ndi kapasita, kachipangizo kothandiza kompresa kudzuka, ndipo chizindikiro chake n'chakuti chigawo chapanja chimang'ung'udza kwa masekondi angapo n'kukhala chete kompresa osadzuka. Kapasita ndi yotsika mtengo, choncho munthu akakuuzani kuti kompresa yafa, muonetsetse kuti wayamba wayeza kapasita. Musaigwire nokha, chifukwa imasunga magetsi ngakhale switchi itazimitsidwa. Pa makina a inverter, amene kompresa yake imasintha liwiro m'malo mozima ndi kudzuka, sadya magetsi ambiri ndipo amachotsa chinyezi mosadukiza, chofooka chake ndi bolodi, yomwe ndi yodula ndipo imaopa ziphaliwali za m'dzinja. Makinawo akhale pa waya wakewake wochokera ku bokosi lalikulu, wokhala ndi waya wa pansi (earth) wabwino, ndipo ntchito ya mawaya igwiridwe ndi munthu wa chiphaso cha MERA.

Tibwere ku langizo la mnzanuyo. Eyakoni ya 12,000 BTU, yomwe ndi pafupifupi makilowati 3.5 a kuziziritsa, imakwanira chipinda chogona cha mamita anayi kwa asanu ngati chili ndi siling'i yabwino. Mukaika ya 24,000 BTU m'chipinda chomwecho, idzatsitsa kutentha m'mphindi zochepa n'kuzimitsa kompresa isanachotse madzi okwanira, ndipo fani ikamapitiriza kuzungulira madzi otsala pa koyilo amabwerera mumpweya. Chipinda chimakhala chozizira koma chonyowa, zofunda zimamata pathupi, nsapato ndi zovala za m'kabati zimachita chuku, ndipo kudzukadzuka kwa kompresa kumafupikitsa moyo wake. Makina a msinkhu woyenera amayenda kwa nthawi yaitali, ndipo kuyenda kwa nthawi yaitaliko ndiko kumaumitsa mpweya. Ngati makina otsukidwa ndi okhala ndi gasi wokwanira akulepherabe masana, yang'anani chipindacho musanayang'ane sitolo. Malata opanda chotchinga kutentha pamwamba pa siling'i, zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo lopanda katani yokhuthala, ndi mpata wa pansi pa chitseko umene ukulowetsa mpweya wachinyezi usana wonse, n'zimene zimalemetsa makina, ndipo kukonza zimenezi kumadula pang'ono poyerekeza ndi makina atsopano ndi mayunitsi amene adzadye mwezi ndi mwezi.

Pa limoti ikani madigiri 24 kapena 25. Kuika 16 sikufulumizitsa kuzizira pa makina wamba, kumangochititsa kuti kompresa isapume, ndipo khoma ndi magalasi zikazizira kwambiri zimayamba kukha madzi mukatsegula chitseko. Pa masiku amvula pamene kunja sikukutentha kwambiri koma thupi likumata, gwiritsani ntchito batani la "dry", lokhala ndi chizindikiro cha dontho, limene limachepetsa liwiro la fani kuti mpweya uchedwe pa koyilo ndi kusiyapo madzi ambiri.

Kusintha makina kumakhala koyenera ngati kompresa yapsa pa makina akale a R-22, kapena ngati koyilo yabooka malo ambiri moti kuwotcherera pamodzi kumangotsegula pena. Anuwo, pa zaka zinayi, sindikuganiza kuti afika pamenepo. Pezani mmisiri amene anaphunzira za mafiriji ndi maeyakoni, monga amene ali ndi satifiketi ya TEVETA, ndipo mugwirizane naye ntchito isanayambe kuti atsuke zigawo zonse ziwiri ndi paipi yamadzi poyamba, ayeze makina ali oyera, ndipo gasi athiridwe pokhapokha wakuonetsani pamene akuthawira ndi kukonzapo. Mumupemphe alembe pa risiti mtundu wa gasi, magalamu amene wathira ndi malo amene wakonza, kuti vuto likabwerera pasanathe miyezi itatu mukhale ndi pomufunsira.